Laputopu yakale ikakana Wi-Fi

Laputopu yanu yakale siikuona Wi-Fi? Musathamangire kugula ina. Coyamba onani kabatani ka Wi-Fi, mwina kangozimitsidwa. Ngati kali bwino, kawirikawiri vuto ndi driver. Driver ndi kapulogalamu kamene kamathandiza Windows kumvana ndi kakhadi ka Wi-Fi ka m'kati. Mukaika Windows yatsopano, driver yakale nthawi zina imasiya kugwira nchito.

Tsegulani Gestor de Dispositivos. Mukaona cizindikiro cacikasu pa dzina la kakhadiko, lembani dzinalo papepala. Lumikizani foni ndi cingwe ca USB, muigawire laputopu intaneti. Kenako tengani driver yoyenera pa webusaiti ya kampani imene inapanga laputopuyo.

Dziwaninso kuti makhadi ambiri akale amangoona 2.4 GHz, osati 5 GHz. Zikakanika, gulani ka Wi-Fi ka USB. N'kotsika mtengo kwambiri kuposa laputopu ina.