Mbiri ya Nyumba Zosungiramo Katundu m'Malawi, Kuchokera ku Katunga Kufika ku Nacala

Katundu amene amaoneka pa mashelefu a sitolo amakhala atadutsa m'manja ambiri, kuyambira kwa wopanga, wonyamula, wosunga ndi wopikulitsa mpaka kwa wogulitsa, ndipo luso loyendetsa mndandanda wonsewu kuti chinthu chifike pamalo oyenera, pa nthawi yake komanso pa mtengo wofikirika, ndilo limatchedwa kayendetsedwe ka katundu. M'dziko lopanda doko ngati Malawi, kukula kwa nyumba yosungiramo katundu kwakhala kukudalira kutalika ndi kudalirika kwa njira yochokera kunyanja yamchere.

Kampani ya African Lakes, yomwe inakhazikitsidwa ku Glasgow m'chaka cha 1878 ndipo inkatsogozedwa ndi abale awiri, John ndi Frederick Moir, inakumana ndi vutoli kuyambira pachiyambi. Sitima za nthunzi zinkakwera Zambezi ndi Shire kudzaima pa Katunga, kufupi ndi Chikwawa, popeza mathithi a Shire sankalola kupitirira. Kuchokera pamenepo nsalu, mchere ndi mikanda zinkasenzedwa pamutu ndi amtengatenga kukwera mapiri mpaka ku Blantyre, kenaka kutsikira ku Matope kumene zinkakwezedwanso m'sitima yolowera kunyanja ya Malawi. Paliponse pamene katundu ankasintha chonyamulira pankafunika malo omusungira, chifukwa sitima imatula zambiri nthawi imodzi pomwe anthu amasenza pang'onopang'ono, komanso m'chilimwe madzi akaphwa sitima zinkatitimira mumchenga. Likulu la kampaniyo ku Mandala, kumene nyumba yomangidwa mu 1882 idakalipo, linasanduka nkhokwe yaikulu yodyetsa masitolo ake a m'maboma.

Njanji inachepetsa ntchito ya amtengatenga itafika ku Blantyre kuchokera ku Port Herald, komwe lero ndi Nsanje, mu 1908, ndipo mlatho wa Dona Ana utatsegulidwa pa Zambezi mu 1935 katundu anayamba kuchoka ku Beira osatsitsidwa panjira. Njanji ya ku Nacala inawonjezeka mu 1970.

Zaka za m'ma 1970 zinasinthanso dongosolo la kumidzi, pamene boma la Dr. Hastings Kamuzu Banda linalamula amwenye kuti azichita malonda m'mizinda ikuluikulu yokha. Amwenyewo sankangogulitsa chabe, koma ankasunganso katundu kuseri kwa masitolo awo ndi kupatsana pangongole, kotero kuti atachoka, eni magolosale atsopano anatsamira pa madepoti opikulitsa a Chipiku, ndipo m'madera ambiri masitolo anatsala opanda kanthu. Lamulolo linapereka nyumba za masitolo kwa Amalawi, koma silinawapatse mpamba wodzazira mashelefu, ndipo apa m'pamene panali kufooka kwake.

Nkhondo ya ku Mozambique itadula njanji zonse ziwiri m'zaka za m'ma 1980, katundu anayamba kuzungulira pa malole kuchokera ku Durban ndi ku Dar es Salaam. Ulendo ukatalika wamalonda amakakamizika kuitanitsa zambiri n'kuziunjika, ndipo ndalama zogona m'katunduyo, lendi, alonda ndi zowonongeka zimakathera pa mtengo umene wogula amalipira. N'chifukwa chake njira yosunga katundu wochepa n'kumaitanitsa pafupipafupi, yomwe kampani ya Toyota inatchuka nayo ku Japan, imavuta kuitsata kwa wamalonda wa ku Limbe amene kontena yake ingachedwe masabata angapo padoko la Beira kapena pachipata cha Mwanza.