Lysine: Mlingo Wake ndi Zofunika Kusamala

Lysine ndi mmodzi mwa ma amino acid 9 amene thupi la munthu silingathe kupanga lokha, choncho limawapeza m'chakudya. Edmund Drechsel ndiye anamupeza koyamba mu 1889 m'mapuloteni a mkaka. Lysine amathandiza kukula kwa ana, kumanga minofu ndi kupola kwa zilonda.

Chimanga chili ndi lysine wochepa kwambiri. Nkhaniyi ndi yaikulu ku Itepela m'boma la Ngauma, ku Mandimba ndi ku Cuamba, kumene nsima ndiyo chakudya cha tsiku ndi tsiku. Lipoti la WHO, FAO ndi UNU la 2007 limati wamkulu amafunika mamiligalamu 30 a lysine pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake patsiku: wolemera makilogalamu 60 amafunika mamiligalamu 1,800. Nyemba, nandolo, soya, mazira, usipa ndi nsomba za m'nyanja ya Amaramba zimakwaniritsa mlingowu popanda kugula mapiritsi. Chimanga cha mtundu wa Sussuma nachonso chili ndi lysine wochuluka kuposa chimanga wamba.

Mapiritsi a lysine amakhala a mamiligalamu 500 kapena 1,000, ndipo akuluakulu ambiri amamwa galamu 1 mpaka 3 patsiku. Kupyola pamenepo kumatha kubweretsa nseru, kupweteka m'mimba ndi kutsegula m'mimba. Odwala impso, amayi apakati, oyamwitsa ndiponso amene akumwa mapiritsi a calcium ayambe afunsa achipatala. Lysine wosakaniza m'chakudya cha nkhuku ndi nkhumba si wa anthu. Mwana wonyentchera amafunika chithandizo cha kuchipatala, osati mapiritsi a kumsika.