Tisiye kunena kuti "mnyamata wa IT"

M'maofesi a ku Lilongwe ndi ku Blantyre, kompyuta ikangozima kapena intaneti ikadula, bwana amafuula kuti wina akaitane "mnyamata wa IT". Mawuwa tawazolowera moti sakutipwetekanso m'khutu. Komatu m'Chichewa mnyamata si wachichepere chabe. Kuyambira nthawi ya atsamunda, mnyamata ndi wotumidwa: wa m'munda, wa kukhitchini, wonyamula chikwama cha bwana. Munthu amene amasunga chinsinsi cha malipiro a kampani yonse, amene akalakwitsa pang'ono ndalama za anthu pa Mpamba kapena Airtel Money zingasokonekere, sayenera dzina limeneli. Dokotala wa zaka 25 sitimutcha mnyamata wa jakisoni.

Nanga amene wabwerayo akakhala mayi? Ntchitoyi idasintha nkhope. Rachel Sibande adayambitsa mHub ku Lilongwe, malo osulira achinyamata pa luso la makompyuta, ndipo yunivesite ya MUST ku Thyolo, imene idatsegulidwa mu 2014, pamodzi ndi MUBAS ndi Mzuni, zikutulutsa atsikana odziwa kulemba mapulogalamu. Ena pofuna kukonza amati "mtsikana wa IT", osadziwa kuti aipitsiratu, pakuti kwathu kuno mtsikana wa pantchito ndi wolera ana ndi kutsuka mbale.

Palinso vuto la "wa IT" weniweniyo. Timaunjika anthu onse m'thumba limodzi. Wolemba mapulogalamu, woyang'anira netiweki ndi woteteza makompyuta kwa akuba ali ndi ntchito zosiyana, koma poti dzina ndi limodzi, aliyense amatumidwa kukakonza printa kapena kukalumikiza zokuzira mawu pa msonkhano. Akamadandaula za malipiro ochepa, kapena akamasamukira ku Johannesburg, tisadabwe. Amene umamutcha mnyamata sungamulipire ngati katswiri.

Mawu oyenera tili nawo, sitikuchita kupeka. Wokonza mafoni ku msika wa Limbe ndi mmisiri, ngati mmisiri wa matabwa. Wophunzira za makompyuta mozama ndi katswiri, ndipo mawu onse awiriwa sasankha mwamuna kapena mkazi. Pomuitana, ulemu wathu ndi womwe uja: abambo, amayi, achimwene, achemwali, kapena dzina la mfunda wake. Inu a pawailesi ndi a m'nyuzipepala, yambani ndinu, pakuti anthu amatengera zimene mukunena.