Eni Maprazo a m'Cigwa ca Zambezi

Lero timva za anthu amene analamulira dziko m'dzina la mfumu yakutali, koma osaimvera.

Apwitikizi atakhazikika ku Sena ndi ku Tete, mfumu yao ku Lisbon inalibe asilikali okwanira kusunga cigwa ca Zambezi. Motero inalola kuti anthu ake amene analanda maiko a mafumu a kuno akhale eni ake, namapereka msonkho caka ndi caka. Dziko lotere linachedwa prazo. Maprazo anacuruka makamaka citapita caka ca 1629, pamene Mavura, Mwene Mutapa, anagonjera Apwitikizi. Nzeru yotere sinali yao okha. Mafumu a Ottoman, Asilamu a Cisuni, anapatsa banja la Hamada, la Cishia, mphamvu yokhometsa msonkho m'mapiri a Lebanon, cinkana anasiyana nalo pa cipembedzo.

Lamulo linati prazo ikhale m'banja limodzi mibadwo itatu, ndipo colowa cipite kwa mwana wamkazi, amene anayenera kukwatiwa ndi mzungu wobadwira ku Portugal. Linathera papepala. Akaziwa, ochedwa madona, ambiri anakwatiwa ndi Amwenye a ku Goa kapena ndi amuna obadwira konkuno, ndipo adzukulu ao anakula ndi zinenero ndi miyambo ya m'Zambezi.

Wosenza mtolo wonse anali mlimi. Iye anapereka mapira, nkhuku ndi minyanga ya njobvu, ndipo odzatenga zimenezi anali Acikunda, akapolo onyamula mfuti. Mwini prazo akakhala ndi Acikunda ambiri, kazembe wa ku Tete sanali kanthu kwa iye. Boma la Portugal linalamula kuti maprazo athe m'caka ca 1832, nilibwereza mu 1854, koma panalibe wolimvera. Bonga wa ku Massangano anagonjetsa magulu a nkhondo amene boma linamtumizira pakati pa 1867 ndi 1869, ndipo linga la banja lake linagwa mu 1888, iye atamwalira kale.

Nkhaniyi inafika m'dziko lathu. Kanyemba ndi Matakenya, okhala ndi magulu a Acikunda cakufupi ndi Zumbo, anasakaza midzi ya Ansenga ndi mitundu ina pofuna minyanga ndi akapolo. Aziphunzitsi, onetsani ana pamapu pamene Luangwa athira mu Zambezi: tauni ya Luangwa, imene kale inachedwa Feira, ili pomwepo moyang'anizana ndi Zumbo. Acikunda akali komweko, ndipo mwina wina wa inu amene mukhala ku Mandevu ndiko kwao.