Arnis

Arnis, yemwe amatchedwanso eskrima kapena kali, ndi luso lomenyana ndi kudziteteza lochokera m'dziko la Philippines. Ochita lusoli amagwiritsa ntchito ndodo, mipeni, zikwanje komanso manja. Mawu akuti arnis anachokera ku mawu a Chisipanishi akuti arnés, kutanthauza zovala zankhondo, pomwe eskrima anachokera ku esgrima, kutanthauza kumenyana ndi malupanga. Mbiri ya lusoli ndi yolumikizana kwambiri ndi midzi ya m'mphepete mwa nyanja, yomwe kwa zaka mazana ambiri inkaukiridwa ndi adani obwera pa mabwato.

Asanafike Asipanya

Dziko la Philippines lili ndi zilumba zoposa 7,600. Kalelo anthu ambiri ankakhala m'midzi ya m'mbali mwa nyanja ndi mitsinje, ndipo mudzi uliwonse, wotchedwa barangay, unkalamulidwa ndi mfumu yotchedwa datu. M'zilumba za Visayas, pakati pa dzikoli, kuukirana panyanja kunali kofala ndipo ankakutcha mangayaw. Ankhondo ankayenda pa mabwato aatali otchedwa karakoa kukalanda katundu ndi kugwira akapolo. Motero mwamuna ankayenera kudziwa kugwira mkondo, lupanga ndi chishango.

Nkhondo yodziwika kwambiri ya nthawiyo ndi ya pa chilumba cha Mactan, pafupi ndi Cebu, yomwe inachitika pa 27 April 1521. Asilikali a mfumu Lapulapu anagonjetsa ndi kupha Ferdinand Magellan. Antonio Pigafetta, yemwe analipo, analemba kuti mabwato a Magellan analephera kufika pafupi ndi gombe chifukwa cha miyala ya m'madzi, choncho asilikali ake anayenda m'madzi mpaka kumtunda. Eni chilumba anawalasa ndi mivi ndi mikondo ya nsungwi, makamaka m'miyendo momwe munalibe zovala zachitsulo. Ambiri amatenga Lapulapu ngati kholo la arnis, ngakhale kuti Pigafetta anangofotokoza za zida ndi mmene nkhondo inayendera, osati za kaphunzitsidwe ka luso lililonse.

Nthawi ya achifwamba apanyanja

Asipanya atayamba kulamulira mu 1565, kuukira sikunathe. Kunafika poipa kumapeto kwa zaka za m'ma 1700, pamene magulu a Iranun ndi Balangingi ochokera kumwera, ku Mindanao ndi Sulu, ankabwera chaka ndi chaka ndi mphepo ya habagat yomwe imawomba kuchokera kumwera chakumadzulo. Iwo ankawotcha midzi ndi kugwira anthu, omwe ambiri ankakagulitsidwa ku Jolo. Asilikali a boma anali ochepa ndipo ankakhala kutali, kotero asodzi ndi alimi ankayenera kudziteteza okha ndi zida zomwe anali nazo, monga mikondo, ndodo za mitengo yolimba ndi chikwanje cha kumunda chotchedwa bolo.

Chitsanzo chabwino ndi tawuni ya Boljoon, kumwera kwa chilumba cha Cebu, yomwe inawonongedwa ndi achifwamba mu 1782. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, wansembe wa chipani cha Augustine, bambo Julian Bermejo, anatsogolera ntchito yomanga nsanja zamiyala zotchedwa baluarte m'mbali mwa gombe. Alonda akaona mabwato a adani ankapatsirana zizindikiro kuchokera pa nsanja ina kupita pa inzake, ndipo amuna a m'midzi ankatuluka ndi mabwato awo okhala ndi zida. Zina mwa nsanjazi zidakalipo. Kuukiraku kunayamba kuchepa mu 1848, pomwe bwanamkubwa Narciso Clavería anagonjetsa chilumba cha Balangingi pogwiritsa ntchito sitima zoyendera nthunzi.

M'buku lawo la mu 2007 lotchedwa Cebuano Eskrima: Beyond the Myth, Ned Nepangue ndi Celestino Macachor ananena kuti eskrima anakula m'midzi yotereyi, pomwe kamenyedwe ka eni dziko kanasakanikirana ndi ka Asipanya kogwiritsa ntchito lupanga. Mayina ambiri a m'lusoli ndi a Chisipanishi mpaka lero.

Kaphunzitsidwe

Mosiyana ndi karate, wophunzira arnis amayamba ndi chida, ndipo kumenya ndi manja okha kumabwera pambuyo. Pophunzira amagwiritsa ntchito ndodo ya chomera choyanga chotchedwa rattan, yotalika pafupifupi masentimita 70. Masukulu ambiri amaphunzitsa mbali 12 zomwe mdani angamenyere. Njira zodziwika ndi izi: solo baston, ya ndodo imodzi, doble baston, ya ndodo ziwiri, ndi espada y daga, ya lupanga ndi mpeni. Zomwe munthu waphunzira ndi ndodo amatha kuzichita ndi chikwanje kapena chilichonse chomwe chili m'manja mwake.

Masiku ano

Kale lusoli linkaphunzitsidwa m'mabanja. Mu 1932 mabanja a Saavedra ndi Cañete pamodzi ndi anzawo anakhazikitsa kalabu ya Doce Pares mumzinda wa Cebu. Pambuyo pake Venancio Bacon anayambitsa sukulu ya Balintawak, ndipo Remy Presas anayambitsa Modern Arnis. Ku United States, Dan Inosanto, mnzake wa Bruce Lee, anathandiza kutchukitsa lusoli.

Mu December 2009, pulezidenti Gloria Macapagal Arroyo anasainira lamulo la Republic Act 9850 lomwe linakhazikitsa arnis kukhala masewera a fuko la Philippines, ndipo linalamula kuti aziphunzitsidwa m'sukulu. Arnis anaseweredwanso pa mpikisano wa mayiko a kumwera chakum'mawa kwa Asia mu 2005 ndi 2019. Pa mipikisano osewera amavala zodzitetezera kumutu, ndipo nthawi zambiri amagwiritsa ntchito ndodo zokutidwa ndi zinthu zofewa.