Musadule chitsulo cha mu 404 ya agogo

Kumudzi kwathu, kufupi ndi Namitambo, pansi pa mtengo wa mango paima Peugeot 404 imene agogo aamuna anasiya. Mwezi watha kunabwera bambo wina wa ku Blantyre wofuna kuigula kuti aikonze iwoneke ngati yatsopano. Atatsegula boneti anapukusa mutu, n'kuloza chitsulo chopingasa pamwamba pa injini, chimene chimalumikiza pamene pamangidwa mashoko awiri akutsogolo. "Ichi si cha ku fakitale. Ndikaigula, choyamba n'kuchidula," anatero. Amalume anangoti zili bwino, koma ine mawuwo sanandikhale.

Kuti timvetse chitsulochi tiyambire kutali pang'ono. M'zaka za m'ma 1940, injiniya wa ku America, Earle MacPherson, anapeza njira yophatikiza shoko ndi sipuling'i kukhala mwendo umodzi woimirira, umene mutu wake umamangidwa ku thupi la galimoto. Ford Consul ndi Zephyr za ku Britain, zimene zinaonetsedwa koyamba mu 1950, zinali m'gulu la magalimoto oyamba kuyendera njirayi. Nayo Peugeot inaitengera pa 404, imene inatuluka mu 1960.

Njirayi ndi yopepuka, yotchipa, ndipo imasiyira injini malo. Koma ili ndi pofooka pake. Galimoto ngati 404 ya agogo ilibe chasisi chapadera monga cha lole; thupi lenilenilo ndilo limasenza zonse. Tayala likagwa m'dzenje, mphamvu yonse imakwera ndi mwendo uja kukamenya chitsulo chopyapyala cha pamwamba. Zikachitika kwa zaka zambiri, malo awiriwo amayamba kupendekera mkati ndi kung'aluka, matayala amadyeka mbali imodzi, chiwongolero n'kumasewera. Chitsulo chopingasa chija, chimene Azungu amati strut brace, chimagwira mbali ziwirizo kuti zizithandizana katundu.

Sikuti 404 inali galimoto yofooka ayi. Inapambana mpikisano wa East African Safari mu 1963, 1966, 1967 ndi 1968, ndipo mu 1963 magalimoto 7 okha ndiwo anafika kumapeto. Ku France anasiya kuipanga mu 1975, koma ku Kenya anapitiriza mpaka 1991, umboni woti Africa inaikonda. Komabe mpikisano umatha m'masiku ochepa, kumbuyo kuli amakaniko a kampani. Galimoto ya agogo inkachita mpikisano wake tsiku lililonse: matumba a nandolo padenga, anthu opanikizana mkati, m'misewu yafumbi yopita ku Limbe, dzinja ndi chilimwe.

Agogo aakazi amakumbukira tsiku limene chitsulocho chinaikidwa. Akuti mbali ya kumanzere inang'aluka, sipeya kunalibe, ndipo wowotcherera wina wa ku Limbe anatenga paipi ya madzi n'kuipinda yekha. Nditaiyang'anitsitsa ndinaona kuti munthuyo ankaidziwa ntchito. Anayamba wawotcherera mng'aluwo ndi kuikapo chigamba chokhuthala, pakuti kumanga chitsulo cholimba pamalo owola ndi dzimbiri n'kungosamutsa vuto. Paipiyo anaikhotetsa pang'ono pokha, mongokwanira kulambalala injini yopendekeka ya 404 ndi kulola boneti kutsekeka, chifukwa chitsulo chokhota kwambiri chimapindika m'malo mogwira. Sanaiwotcherere ku thupi la galimoto; anaimanga ndi mabawuti omwewo a mashoko kuti izichotsedwa pokonza injini. Amakaniko amanenanso kuti chitsulo chotere chimamangidwa galimoto itaima pamalo osalala, matayala ali pansi, osati ili pa jeke, kuopera kuigwira itakhota kale. Mabowo a mabawuti athu alibe zizindikiro zokakamiza, choncho ndikukhulupirira kuti lamuloli analitsata.

M'kalasi la mbiri timadandaula kuti zolembedwa za nthawi ya atsamunda ndi ya Kamuzu zimakamba za maboma, makampani ndi mamishoni, anthu wamba osamveka. Ife a ku Chiradzulu tili ndi mwayi woti dziko lonse limadziwa John Chilembwe ndi PIM. Nanga amisiri amene ankachititsa kuti odwala afike ku Nguludi ndi mbewu zifike kumsika, analemba ndani? Dzina la wowotcherera uja palibe akulikumbukira. Chimene chatsala ndi paipi yake.

Wogulayo sakulakwa kwenikweni. Okonda magalimoto akale amalipira zambiri galimoto ikafanana ndi mmene inatulukira, ndipo banja lathu likufuna ndalama za fizi, kuphatikizapo yanga. Sindinganamizire kuti ndilibe nazo gawo. Koma 404 yooneka ngati ya ku Sochaux zilipo zambiri ku Ulaya. Imene inaphunzira misewu ya ku Chiradzulu ndi iyi, ndipo ukaichotsa paipi ija watsala ndi mbiri ya Afalansa yokha.

Ndapempha amalume chinthu chimodzi. Galimoto igulitsidwe, koma popeza chitsulocho n'chomanga ndi mabawuti, palibe chifukwa chochidulira. Wogula akachikana, achimasule bwinobwino atisiyire. Loweruka ndikupita kumudzi ndi sipanala, kuopa kuti macheka angandiyambirire.