Kamfuti ka .22 ndi Mantha a Angerezi

Ambiri amayesa kuti kuwombera chandamale ndi kamfuti ka .22 ndi masewera chabe a anthu osowa chochita. Ine ndikuona kuti masewerawa anakula chifukwa cha mantha a nkhondo, ndipo mbiri yake imatisonyeza amene ankaloledwa kugwira mfuti ndi amene ankamanidwa.

Gwero lake lili ku Paris. M'chaka cha 1845 Louis-Nicolas Flobert anapanga kachipolopolo kopanda onga, kongokankhidwa ndi timankhwala tophulika ta kutsinde kwake. Kanali kofooka kotero kuti anthu ankawombera nako chandamale m'nyumba momwe. Mu 1857 kampani ya Smith & Wesson ku America inathiramo onga pang'ono, ndipo mu 1887 kampani ya J. Stevens inatulutsa .22 Long Rifle, chipolopolo chimene chikugwirabe ntchito mpaka lero, ngakhale ku mipikisano ya Olympics. M'mimba mwake ndi mamilimita 5.6 okha. Mtovu ndi wochepa, onga ndi wochepa, motero mtengo nawo ndi wotsika. Phokoso silikula ndipo mfuti sikankha phewa.

Chimene chinatchukitsa kamfutika ku Britain ndi nkhondo ya Angerezi ndi Mabunu ku South Africa, kuyambira 1899 mpaka 1902. Mabunu anali alimi okula ndi ulenje, ndipo ankagwetsa asilikali a Chingerezi ali patali. Manyazi anagwira boma. Mu 1900 nduna yaikulu, Lord Salisbury, inapempha anthu wamba kuti ayambitse magulu ophunzira kuwombera. Koma zipolopolo za nkhondo za .303 zinali zodula, ndiponso zinkafuna bwalo lalitali kunja kwa mzinda. Kodi mmisiri wa m'fakitale akanazitha bwanji? Yankho linali .22. Mu 1901 kunabadwa bungwe la Society of Working Men's Rifle Clubs, mtsogoleri wake ali Lord Roberts, yemwe analamulako asilikali pa nkhondo ija. Mayadi 25 anali okwanira, choncho anthu ankawombera m'maholo ndi m'zipinda zapansi madzulo ataweruka. Mfuti zakale za Martini zinkakonzedwanso kuti zizilandira tizipolopoloti. Kuchokera mu 1947 bungweli limatchedwa National Small-bore Rifle Association.

Tsono tiyeni tione kuno kwathu m'zaka zomwezo. Pangano la ku Brussels la 1890 linali litaletsa kale kugulitsa mfuti zamakono kwa anthu akuda m'chigawo chachikulu cha Africa, dziko lathu lili momwemo. Mu 1901 momwemo boma la atsamunda linakhazikitsa British Central Africa Volunteer Reserve, gulu limene poyamba silinkasiyana kwenikweni ndi kalabu yowombera chandamale. Mu Januwale 1915, anthu a John Chilembwe atadzuka, anachita kukathyola nyumba yosungira zida ku Mandala mu Blantyre pofuna mfuti, napeza zowerengeka. Pakati pa owasaka panali a gulu lija, amene anakhala zaka akuphunzira kulunjika.

N'chifukwa chake ndikamva kuti masewerawa ndi otsika mtengo, ndimafunsa kuti: otsika mtengo kwa yani? Mmisiri wa ku London anachita kunyengereredwa kuti aphunzire kuwombera pofuna kuteteza ufumu wa Britain. Agogo athu anamanidwa mfuti pofuna kuteteza ufumu womwewo.